Tinaseka Johnny English, kenaka tinadziona tokha

Loweruka lina usiku, Sabata litatha, tinasonkhana anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda china kuhositelo, laputopu titaikhazika pa ndowa yovundikira. Tinali titangobwera kumene kuchokera ku TP, masabata aja amene wophunzira zauphunzitsi amakaima kutsogolo kwa kalasi yeniyeni, ndipo mitima inali isanakhale m'malo. Wina anati tionere chinthu chosatopetsa mutu. Tinasankha Johnny English, filimu ya mu 2003.

Tonse Rowan Atkinson tinamudziwira pa Mr. Bean tikadali ana. Mu filimuyi iye ndi kalaliki wa mu ofesi ya akazitape a dziko la Britain, amene amalota kukhala ngati James Bond. Akazitape enieni onse afera limodzi pa maliro a mnzawo bomba litaphulika, ndipo amene ankayang'anira chitetezo pamaliropo ndi English yemweyo. Poti watsala yekha, ntchito yonse yagwera iye. Mdani wake ndi Pascal Sauvage, mpondamatiki wa ku France amene amaseweredwa ndi John Malkovich, ndipo cholinga chake n'kulanda ufumu kuti asandutse Britain yense kukhala ndende.

Tinaseka mpaka a chipinda choyandikana nacho anagogoda khoma. Pamene English anatsika ndi parachuti n'kutera pa chipatala m'malo mwa likulu la mdani, mmodzi wa ife anatsamwa ndi chiponde. Filimu itatha, mnzathu wina anatsegula foni n'kutiwerengera zimene akatswiri ounika mafilimu ananena. Pa Rotten Tomatoes, pomwe amasonkhanitsa maganizo a akatswiriwa, amene anaiyamikira ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Dandaulo la ambiri linali lakuti nthabwala zake umazionera patali zisanafike, ndiponso kuti kuseka mafilimu a Bond sichinali chachilendo, poti Austin Powers anali atayamba kale mu 1997.

Koma anthu wamba anavota ndi matumba awo. Filimuyi inadya ndalama pafupifupi madola 40 miliyoni poikonza, ndipo inabweretsa pafupifupi madola 160 miliyoni. Ku America inapeza zochepa, pafupifupi madola 28 miliyoni, ndipo zina zonsezo zinachokera kumaiko ena. Zotsatira zake, kunabweranso Johnny English Reborn mu 2011 ndi Johnny English Strikes Again mu 2018.

Titamva izi tinapsa mtima ngati akatswiriwo anyoza m'bale wathu. Tinati iwo sadziwa kuseka. Tinati kuonera nthabwala patali ndiye kukoma kwake. Tili ana tinkadziwa bwino lomwe kuti Kalulu amupusitsanso Fisi, koma tinkapemphabe agogo kuti abwereze nthano yomweyo. Ukaona English akulowa pakhomo lolakwika atatukumula chifuwa, umayamba kuseka asanagwe chifukwa iwe ukudziwa chimene iye sakudziwa. Ndiponso awiri mwa amene analemba filimuyi, Neal Purvis ndi Robert Wade, analembanso mafilimu enieni a Bond, choncho ankachidziwa bwino chimene ankachisekacho. Katswiri amene amaonera mafilimu mazanamazana amasaka chatsopano. Ife tinkangofuna kupumitsa mutu, ndipo tinaupumitsadi.

Mkangano unafika mpaka pakati pa usiku, ndipo m'pamene tinazindikira kuti mkwiyo wathuwo sunali wa filimu ayi. Tinali ndi katswiri wathu amene anatipweteka.

Nkhani yake inali motere. Cholakwacho chinali cha mmodzi, koma poti tonse tinachikhalira kumbuyo, tichisenza tonse. Mu phunziro la jogalafe ku Fomu 2, tinalemba pa bolodi maiko amene mzere wa Equator umadutsamo, ndipo tinaikapo Tanzania. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono, atilasi ili pamiyendo, n'kunena mwaulemu kuti mzerewo umadutsa ku Kenya ndi ku Uganda, koma Tanzania yense ali kummwera kwake. Ankanena zoona. Mtima unagunda, choko chinayamba kuterera m'manja. M'malo movomera, tinamufunsa ngati atilasi yakeyo sinali ya nthawi ya atsamunda. Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Mtsikanayo anatseka buku lake ndipo sanakwezenso mkono mpaka belu linalira.

Potuluka, ana ankati phunziro linakoma. Koma aphunzitsi athu amene anabwera kudzatiyesa anatipatsa malikisi otsika. Pa pepala analemba zinthu ziwiri: kuti tinaphunzitsa chabodza, ndi kuti tinatseka pakamwa mwana amene anali ndi yankho lolondola. Kwa masabata angapo tinkauzana kuti iwo ndi ouma mtima, saona kuti ana amatikonda.

Tsono mu filimu muja muli malo ena amene tinaseka kwambiri. Ku Tower of London, English wamenya mwangozi mkulu wa chitetezo n'kumukomola. Pofuna kubisa, akupeka chigawenga chimene kulibe, akunamizira kulimbana nacho kuseri kwa chitseko, kenaka akufotokoza maonekedwe ake: tsitsi la olenji ndi zipsera zooneka ngati nthochi. Pambali pake nthawi zonse pali Bough, womuthandiza wake, amene amaona zoona koma amangoti chete n'kumakonza zimene bwana wake waononga. Titakumbukira malo amenewa, chipinda chinati zii. Chigawenga chathu chopeka chinali atilasi ya atsamunda ija. Bough wathu anali mtsikana wa kumbuyo uja. Safunsa anadya phula, koma ife tinachita kuposa pamenepo: tinauzidwa, n'kumuseka wotiuzayo.

Pa za filimu, sitinasinthe maganizo kwenikweni. Ntchito yake inali kutiseketsa ndipo inatiseketsa, choncho oonera ali ndi ufulu wonena kuti inakwanitsa. Akatswiri nawo sananame ponena kuti mulibe chatsopano. Mbali ziwirizi zinkayankha mafunso osiyana. Vuto lathu linali kutenga muyeso wa filimu n'kuyezera phunziro. English akalakwitsa, amene amavulala ndi anthu a m'sewero, ndipo pamapeto zonse zimamuyendera mwamwayi. Ife tikalakwitsa, ana onse a m'kalasi amakopera Tanzania m'makope mwawo n'kukalowa naye m'mayeso. Kuseka kwa kalasi kumasonyeza kuti ana ali maso, koma sikusonyeza kuti aphunzira.

Atkinson weniweni ali ndi digiri yachiwiri ya uinjiniya wa zamagetsi yochokera ku Oxford. Uchitsiru wa English anachita kuukonza mosamala, ndipo amadziwa pomwe ukuthera. Wathu uja sunali wokonzekera.

Lolemba lotsatira tinalemba kalata yaifupi kwa mphunzitsi wa jogalafe wa pasukulu ija. Tinawapempha kuti auze kalasi ifufute Tanzania pa mndandanda uja, ndiponso kuti amuuze mtsikanayo, pamaso pa anzake omwe anamuseka aja, kuti iye ndi amene analondola.