Za Minda Yomira ya ku Valdivia

Kumwera kwa dziko la Chile kuli mudzi waukuru dzina lace Valdivia. Mlendo akakwera bwato pa mtsinje wa Cruces, kumpoto kwa mudziwo, aona dambo lalikuru la mabango ndi mbalame za m'madzi. Koma pansi pa madzi amenewo pali minda ndi mabusa a ng'ombe, m'mene anthu analikugwira nchito kufikira caka ca 1960.

Cimene cinamiza mindayo ciri pansi pa nyanja. Dziko tipondali siliri mwala umodzi ai, koma mathanthwe akuruakuru ogundana, amene ayenda pang'onopang'ono. Ku gombe la Chile akomana awiri: la Nazca, losenza madzi a Pacific, ndi la South America, losenza mtunda. La Nazca ndilo lolemera, cifukwa cace limira kunsi kwa linzace, masentimita ngati 7 caka ndi caka. Polowera pace pali cigwa ca m'nyanja, cakuya pena mamita 8,000.

Tsono mathanthwewo sapitirirana mwaulere. Agwirana zaka zambirimbiri, ndipo m'mphepete mwa mtunda mupindika monga mtengo wa msampha. Pa 22 May 1960, dzuwa litapendeka, msamphawo unafwamphuka. Cibvomezi cace cinafika 9.5 pa muyeso wa zibvomezi, ndipo ciyambire anthu kuziyesa ndi makina sicinaoneke cina coposa ici. Nthaka ya ku Valdivia inatsika mamita ngati 2, madzi nalowa m'minda osabwereranso. Mafunde oopsa anasesa midzi ya pa gombe, naoloka nyanja yonse, napha anthu ku Hawaii ndi ku Japan komwe.

Kum'mawa kwa Valdivia kuli mapiri a Andes, ndipo moto wao ucokera ku nchito yomweyo. Thanthwe lomira lija lipita nao madzi m'miyala yace. Pofika makilomita ngati 100 pansi, madziwo aturuka nasungunulitsa miyala yotentha ya pamwamba pace, ndipo iyo ikwera kukaturukira pa nsonga za mapiri. Atapita masiku awiri cicitikire cibvomezi cija, phiri la Cordón Caulle linaphulika.

Lero dambo la Cruces liri malo osungidwa a mbalame, ndipo pali bata. Koma thanthwe likali kumira, msampha ukali kupindika. Ndico cifukwa cace anthu a pa gombe la Chile aphunzitsa ana ao kuti nthaka ikagwedezeka kolimba asacedwe kumanga katundu, koma athawire ku zitunda madzi asanafike.