Kuchoka pa Katondo Mpaka ku Mwezi, Ndalama ya Basi Chabe

Anthu ambili akamva za ulendo aganiza Livingstone, Siavonga kapena Mfuwe, malo ofuna thumba lolema. Koma muno mu Lusaka muli ulendo wa tsiku limodzi umene ufuna chabe ndalama ya basi, nsapato zolimba ndi foni yodzala moto. Uyambila pa Katondo Street, upita ku Matero ndi ku Chunga, uthela ku Mwembeshi. Sankhani pa Chiwelu, ndipo lawilani dzuwa lisanakwiye.

Katondo ndi kamsewu kafupi, kochoka mu Cairo Road kudutsa Chachacha Road ndi Freedom Way. Madala amene anakula nthawi ya UNIP aikumbukila ngati malo a anyamata osintha madola mobisa. Manje dola yake ndi foni. Mukangoponda pamenepo, mau akugwelani mbali zonse: "Bakamba, tigula, tigulisa, tichinja!" "Mami, bwelani tifakeko galasi pa sikilini!" Wina ali ndi mafoni atatu m'dzanja limodzi ngati makhadi a njuga, wina wapachika machaja ndi mahedifoni m'khosi. Mukafika mu Town Centre Market mupeza tumatebulo twa magalasi tothinana, tumipata tochepa toti anthu awili sangapishane popanda kugundana mapewa.

Mkangano wa pano ndi wa tsiku lililonse, monga wa Arsenal ndi Manchester United. A iPhone ati enawo ndi zidole. A Samsung ati iPhone ndi ya matama. Koma yang'anani m'manja mwa amai ogulitsa tomato, kondakita ndi mnyamata wa wilibala, mudzapeza Tecno, itel ndi Infinix. Zitatuzi zichokela ku kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, ndipo sinapambane mwa mwai. Inaona kuti ife tisunga ma SIM awili kuti tithamangile netiweki imene yachipa tsiku limenelo, inafaka batili yokhalitsa, inakonzanso kamela kuti khungu lakuda lizioneka bwino pa chithunzi. Mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo makomboni ena anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku, mkangano unatha wokha. Foni yabwino inali ija imene ifika madzulo ikali ndi moto. Ine mpaka lelo ndiima pomwepo: yambani mwafunsa za batili, dzina la kumbuyo libwele pambuyo.

Chenjezo limodzi musanatulutse ndalama. Foni yochipa modabwitsa ili ndi mwini wake amene akali kulila ku Chawama. Tinikani *#06#, nambala ya IMEI idzatuluka pa sikilini, ndipo muilinganize ndi imene ili pa bokosi. Pemphani lisiti. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo ku polisi mau akuti "ninagula chabe pa Katondo" sapulumutsa munthu.

Musachoke musanaimeko pa tebulo la okonza mafoni. Pamenepo pamanunkha mtovu wosungunuka. Mnyamata wawelama pa kagalasi kokulitsa zinthu, m'dzanja muli kambano kochepa, achotsa kachidutswa kochepa kuposa njele ya mpunga ndi kuikapo kena kamene wazula mu foni yakufa. Ambili a iwo sanaponde mu kalasi ya uinjiniya. Anaphunzila mwa kuyang'ana wamkulu wao ndi mavidiyo a pa YouTube, koma foni imene sitolo yaikulu yakuuzani kuti tayani, iwo aiukitsa musanamalize botolo la maheu.

Pafupi nao simulephela kupeza munthu wa kompyuta ndi sipika, wofaka nyimbo pa memory card kapena pa flash. Mumuuza kuti mufuna za mapemphelo, kalindula, za pa kitchen party ndi zatsopano za Zed, iye akudzazilani nyimbo mazana pa mtengo wosafika ndi wa mbale ya nsima ndi nkhuku. Kwa wogula ndi chikondwelelo. Kwa woimba palibe ngakhale ngwee imodzi.

Sizinali tele kuyambila kale. M'zaka za m'ma 1970 nyimbo inali katundu wogwilika. Ku Ndola kunali Teal Record Company imene inali kudinda malekodi, kunalinso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inatulutsa magulu ambili a Zamrock. Chapakati pa zaka zimenezo, Dr Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za muno. WITCH, Amanaz, Ngozi Family ndi anzao anapeza msika. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zogulila malekodi zinasowa, makaseti okopa anadzala m'misika, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambili. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Mondo Music ya Chisha Folotiya inautsanso zinthu ndi maina monga Black Muntu, Shatel ndi JK, koma ma CD okopa anabwela nao nkhondo ina. Boma linabweletsa hologalamu yomata pa CD yeniyeni, koma pamene inali kufika, nyimbo zinali zitayamba kale kuuluka pa Bluetooth kuchoka mu foni kupita mu foni.

Lelo tili ndi Boomplay, imene imabwela ili kale mu mafoni a Tecno ndi abale ake, tili ndi YouTube, ndipo Spotify inafika mu Zambia mu 2021. Ambili aganiza kuti nyimbo ikalila kamodzi, woimba alandila ndalama yoikika. Ai. Pa Spotify, nyimbo iwelengedwa ngati mwaimvela masekondi 30. Ndalama za olipila mwezi ndi mwezi ndi za otsatsa malonda ziikidwa mu mphika umodzi, kampani itengapo gawo lake, zotsala zigawidwa kulingana ndi amene anamveledwa kwambili. M'dziko limene olipila ndi ochepa ndipo bando ndi yodula, mphikawo ndi waung'ono. Ndiye chifukwa chake woimba angathe kulila mu basi iliyonse ya mu Lusaka koma akali kukangana ndi alandilodi pa lendi. Chimene chimudyetsa ndi mashoo, maukwati ndi malonda a makampani.

Manje kwelani basi ya ku Matero. Khalani kumbuyo, pafupi ndi sipika, chifukwa dalaivala ndi kondakita ndiwo ma DJ aakulu a mzinda uno. Nyimbo ikagwila m'mabasi, yagwila Lusaka yonse. Basi ikamakwela ndi Lumumba Road mudzaona mafakitale, magalaji ndi malole, kenako mulowa mu Commonwealth Road, msana wa Matero: mabutu a mobile money a mitundu yofiila, yachikasu ndi yobiliwila, utsi wa michopo, mabala ndi machalichi akupikisana masipika. Kuno ndiye kwao kwa Slapdee. Chakum'mawa, mu Great North Road, kuli National Heroes Stadium, kumene Yo Maps anadzaza anthu mu 2023 potulutsa alubamu yake ya Try Again. Usiku umenewo unaonetsa kuti Mzambia sakana kulipila nyimbo ya kwao. Amalipila pamene aona chimene alipilila.

Nazo nyimbo za madala zinapeza moyo wachiwili kudzela pa intaneti yomweyi. Kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso malekodi a Zamrock, ndipo Jagari Chanda wa WITCH, amene anakhala zaka akukumba miyala ya mtengo wapatali, anabwelela pa siteji ndi kuyenda maiko. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ndi kuchiika mu nyimbo yake ya Noid. Ana a ku Los Angeles anamva Chinyanja cha Paul Ngozi, munthu amene anamwalila mu 1989, pamene ana ambili a ku Kabwata apita mu msewu wa dzina lake tsiku lililonse osadziwa kuti anali ndani.

Kupitilila Matero mufika ku Chunga. Tikambe zoona, dzinali likatchulidwa anthu aganiza manda ndi malo otayila zinyalala za mzinda. Kuli fumbi, kuli nyumba zikumangidwa, kuli ana akuthamangitsa matayala ndi tumitengo. Koma m'chigwa chimenechi ndimo munali likulu la Edward Mukuka Nkoloso, ndipo ndicho chifukwa chenicheni cha ulendo uno.

Nkoloso anabadwa mu 1919. Anamenya nao nkhondo yachiwili ya dziko lonse mu Northern Rhodesia Regiment, anakhala mphunzitsi wa sayansi, analowa m'nkhondo ya ufulu ndipo atsamunda anamutsekela. Pamene Soviet Union inali itaponya Sputnik mu 1957, iye anakhazikitsa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, nalengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi patsogolo pa America ndi Russia, kenako ku Mars. Ophunzila ake anawatcha ma Afronaut. Anali kuwalowetsa mu dilamu ya mafuta ndi kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowele kuzungulila, anali kuwakweza pa katungwe kuti amveko kupepuka kwa thupi. Mtsikana wina, Matha, ndi amphaka awili anasankhidwa kupita ku Mars. Roketi yao inali D-Kalu 1, ndipo tsiku loiponya linali 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, sanapatsidwe. Boma latsopano linati nkhaniyi si yake, ophunzila anamwazikana, ndipo mu Julayi 1969 Neil Armstrong ndiye anaponda pa mwezi.

Atolankhani a kunja anaseka mpaka misozi. Mpaka lelo anthu akali kukangana: ena ati mudala anali wozungulila mutu, ena ati anali kuseka azungu ndi mpikisano wao, ena akumbutsa kuti munthu yemweyu anagwila nchito ku African Liberation Centre kuthandiza omenyela ufulu a maiko oyandikana nafe, ndipo mu 1983, ali ndi zaka zopitilila 60, anatenga digili ya zamalamulo pa UNZA. Anamwalila mu 1989. Pambuyo pake Cristina de Middel anatulutsa buku la zithunzi za ma Afronaut mu 2012, Nuotama Bodomo anapanga filimu mu 2014, ndipo Namwali Serpell anamuika mu buku lake la The Old Drift mu 2019. Ine ndikaima mu Chunga sindiseka. Dilamu siingafike ku mwezi, zoona, koma munthu amene dzulo lake anali kuuzidwa kugula nyama pa windo la butchala anaimilila ndi kukamba kuti kumwamba nakonso ndi kwathu. Pa nthawi imeneyo mau otele anali olema kuposa roketi.

Chigawo chomaliza chifuna kubwelela mu tauni ndi kukwela basi ya mu Mumbwa Road. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, pakati pa mafamu, pali Mwembeshi Earth Station ndi mbale zake zazikulu zoyang'ana kumwamba. Inatsegulidwa mu 1974, zaka 10 chabe kuchokela pa dilamu ya Nkoloso, kuti mafoni ndi zithunzi za kanema zochokela kunja zizifika mu Zambia kudzela pa setilaiti. Ndi malo a nchito, si paki, choncho musalowe kapena kujambula popanda chilolezo. Mbale zotele zikamba ndi masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ozungulila pa liwilo lofanana ndi la dziko, motelo aoneka ngati aima malo amodzi. Ndiye chifukwa chake mbale ya DStv pa mtenje wanu siisuntha, ndipo ndiye chifukwa chake madala akumbukila mau akuchedwa poimba lamya ku London.

Amene akamba kuti za mumlengalenga ndi masewela a anthu olemela ayang'ane mu foni yao. Kadontho kamene kaonetsa dalaivala wa Yango pamene mwaima kadalila masetilaiti a GPS, makilomita pafupifupi 20,000 pamwamba. Starlink, imene inayamba kugwila nchito muno mu Okutobala 2023, ili ndi masetilaiti masauzande pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo kuyandikila kumeneko ndiko kuchititsa intaneti yake kuyankha msanga. Ku sukulu kapena kiliniki ya kumudzi kumene kulibe nsanja ya netiweki, chimenechi ndi chinthu chachikulu. Koma mbale tigula kunja, foni tigula kunja, pulogalamu ya nyimbo ndi ya kunja, ndipo mwezi ukatha ndalama ituluka. Dziko limene mu 1994, kudzela pa Zamnet ya pa UNZA, linali pakati pa oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti, siliyenela kukhala la ogula chabe. Mkuwa wa mu mawaya a zinthu zimenezi tili nao, manja aja a pa Town Centre tili nao. Chimene chisowa ndi maphunzilo a mtengo wofikilika, mapepala ovomeleza luso lao ndi ngongole yoyambila.

Bwelelani ku tauni kukali kowala, chifukwa mabasi a mu Mumbwa Road achepa kukada. Mukafika pa nyumba ndi kupeza malaiti apita, tulutsani mpando panja dzuwa litangolowa. Kanyenyezi kamene kayenda mosaphethila ndi kopanda phokoso si ndeke, ndi setilaiti. Kowala kwambili kangakhale International Space Station, imene ili pa makilomita pafupifupi 400 ndipo izungulila dziko lonse pa mphindi 90, muli anthu m'kati akugwila nchito. Pali mapulogalamu aulele a pa foni amene akuuzani nthawi imene ipita pamwamba pa Lusaka. Itanani ana a pa yadi adzaoneko, ndipo wina akafunsa ngati Mzambia angakwelemo, muuzeni za mudala wa ku Chunga.