Ntchito Ikaima Pamodzimodzi

Pali ulova wina umene anthu sauona. Munthu umadzuka m'mamawa, kusamba, kupita kuntchito, mwezi ukatha n'kulandira kangachepe, koma zaka zikudutsa iwe uli pomwepo ngati chitsa cha m'munda. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, atelala ndi amalonda a pamsika ambiri muno m'Marávia akudziwa chimene ndikunena.

Ine ndidabadwira ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke ku Zambia, kumene makolo anga adathawira nkhondo. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tidabwerera kwathu mu 1994. Chichewa ndidayamwira kwa mayi, Chipwitikizi ndidachipeza kusukulu. Nditatsiriza kalasi ya 12 ndidalowa ntchito pa wailesi.

Kwa zaka 7 ntchito yanga idali imodzimodzi: kuwerenga mauthenga a maliro, kulengeza ng'ombe zosokera, kuika nyimbo. Mpando wokulirapo ukapezeka ankafuna munthu wa digiri, ine ndilibe. Ana kunyumba ankakula, malipiro osasuntha. Anzanga ena adapita kukafuna ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, ena adayamba kuoloketsa katundu kupita ku Katete. Nanenso mtima udayamba kulozera komweko.

Tsiku lina kudabwera agogo ena ali ndi pepala m'manja. Munthu wina wochokera kutali adawauza kuti dimba lawo tsopano ndi lake chifukwa iye ali ndi chikalata cha boma.

"Mwanawe," adatero agogowo, "iwe umamva chiyankhulo cha boma. Tandiuza, munda umene ndalima chibwerereni ku Zambia, lero si wanganso?"

Ndidawapempha kuti andipatse sabata imodzi. Ndidabwereka buku la Lamulo la Malo, nambala 19 la chaka cha 1997, n'kukhala nalo pansi usiku uliwonse. Lamulo limeneli lidanena kuti nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Lidanenanso kuti anthu amene akulima malo motsata mwambo wa kwawo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe chikalata chotchedwa DUAT, chimodzimodzinso mbadwa imene yagwiritsa ntchito malo moona mtima kwa zaka 10. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amayi ndi abambo omwe, umalandiridwa. Ndipo mlendo asanapatsidwe malo, eni mudzi ayenera kufunsidwa kaye.

Zonsezi zidalembedwa m'Chipwitikizi chovuta, chifukwa chake agogowo sadazimvepo. Apa m'pamene ndidaona ntchito imene idalibe mwini. Ndidapempha akuluakulu a pa wailesi mphindi 15 pa sabata zoti ndizimasulira malamulo otere m'chiyankhulo chathu. Adavomera, poti sindidapemphe ndalama. Ndidayamba kuyenda pa njinga m'midzi yozungulira Fingoè kujambula mafunso a anthu pa foni, kenaka n'kukawafunsira mayankho kwa odziwa.

Agogo aja adapita kubwalo la mfumu pamodzi ndi mboni zawo, ndipo dimba lija akulimabe. Mphindi 15 zija tsopano ndi ola lathunthu. Mafumu amandiitana kukamasulira pamisonkhano, ndipo bungwe lina lidanditumiza ku maphunziro a utolankhani mumzinda wa Tete. Digiri ndilibebe, malipiro akwera pang'ono chabe, koma m'mawa ndimadzuka ndikudziwa kuti pali amene akudikira mawu anga.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ambiri timamva ngati mwambiwu ukutiuza kuti tisamuke. Koma dziwe lina likhoza kukhala pantchito pomwepo, pambali pa mpando umene mwakhalapo zaka zonsezi. Mphunzitsi akhoza kutsegula kalasi ya akulu madzulo. Telala akhoza kuphunzira kusoka mayunifomu a sukulu. Mlimi wa chimanga akhoza kuyesa dimba la m'chilimwe.

Abale anga, ngati ntchito yanu yaima, musangodikira kalata yochokera ku Tete. Tcherani khutu ku funso limene anthu amakufunsani kawirikawiri koma palibe wowayankha. Mukalipeza, pemphani kampata kakang'ono kamene bwana sangakane, ndipo yambani sabata ino.