Mpikisano wa Baseball pa Tebulo Langa

M'dziko la United States of America muli masewera a mpira amene eni ace amawakonda monga momwe ife tikondera mpira wa miyendo. Dzina lace ndi baseball. Anthu a ku Japan ndi a ku Cuba nawonso amawakonda kwambiri. Ngati munasewerapo rounders pa bwalo la sukulu yanu, simudzabvutika kumva za masewerawa, pakuti awiriwa ali paubale.

Timu iri yonse ikhala ndi anthu asanu ndi anai. Pabwalo pali malo anai ochedwa mabesi, oikidwa m'ngondya zinai, ndipo kucokera pa besi ina kufika pa inzace pali mamita 27. Munthu mmodzi aponya mpira, wina wa timu inayo aumenya ndi cibonga, nathamanga. Akazungulira mabesi onse ndi kubwerera pamene anayambira, timu yace yapeza cigoli cimodzi. Koma akaphonya katatu, kapena mpira wace ukawakhidwa usanagwe pansi, kapena ukayamba ndi mpira kufika pa besi, ndiye kuti wafa, monga tinenera m'masewera athu. Akafa atatu, matimu asinthana malo. Matimu onse awiri akamenya, catha cigawo cimodzi, ndipo zigawo zonse ziri zisanu ndi zinai. Tsono womenya wamphamvu nthawi zina aumenya mpira nukagwa kuseri kwa mpanda. Pamenepo azungulira mabesi onse mosafulumira, palibe womletsa. Kumenya kotere amakucha home run.

Ine sindinagwirepo cibonga ca baseball. Bwalo langa ndi tebulo la m'nyumba, ndipo osewera anga ndi timakhadi ta katoni ndi madaisi awiri, onga aja muponya posewera njoka ndi makwerero. Anandiphunzitsa ndi mphwanga amene anakaphunzira ku America, ndipo pobwera ananditengera buku lalikulu la mbiri ya osewera. Anthu a kumeneko akhala akusewera baseball ndi madaisi kwa zaka zambiri. M'caka ca 1951 munthu wina, Dick Seitz, wa ku Lancaster m'cigawo ca Pennsylvania, anayamba kugulitsa masewera ace ochedwa APBA. M'caka ca 1961 Hal Richman anatulutsa ena ochedwa Strat-O-Matic, oseweredwa ndi madaisi atatu. Ine sindinagule makhadi ao. Ndinatenga makatoni akale, lumo ndi pensulo, ndi kupanga anga.

Tamverani tsono m'mene madaisi asandukira anthu, cifukwa apa ndipo pagona nkhani. Daisi limodzi ndi lofiira, lina loyera. Lofiira lipatsa nambala yoyamba, loyera yaciwiri. Lofiira likaonetsa 3 ndipo loyera 5, tiwerenga 35. Popeza daisi liri lonse liri ndi mbali zisanu ndi imodzi, manambala amene angatuluke alipo 36, kuyambira 11 mpaka 66. Yesani kuwalemba onse m'makope anu, mudzaona kuti sindinama.

Azungu a ku America amalemba zonse zimene wosewera acita pabwalo, caka ndi caka. Titenge Babe Ruth wa timu ya New York Yankees. M'caka ca 1927 mipata yace yowerengedwa inali 540. Anamenya bwino nthawi 192, ndipo mwa izi 60 zinali home run. Taonani, 60 mwa 540 ndi cimodzi mwa zisanu ndi zinai. Tikagawa 36 ndi 9 tipeza 4. Cotero pa khadi la Ruth ndinalemba home run pa manambala anai. Nthawi 192 mwa 540 zilingana ndi manambala pafupifupi 13 mwa 36, ndipo pocotsa anai aja patsala asanu ndi anai a kumenya kwabwino kwina. Pa manambala 23 otsala ndinalemba kuti wafa. Inde, ngakhale Ruth, amene dziko lonse la America linamtama, anali kufa kawirikawiri kuposa kupulumuka.

Woponya naye ali ndi khadi lace. Woponya waluso alanda manambala awiri kapena atatu pa khadi la womenya, wofooka amaonjezera. Palinso timalamulo tina tating'ono, koma ndingakutopetseni nato. Makhadi onse anakwana 96, ndipo anandidyera mwezi wathunthu. Akazi anga poona madaisi anati, "Kodi atate, pa ukalamba uno mwayamba njuga?" Ndinawaonetsa kuti pa tebulo panalibe ndalama ngakhale ngwee imodzi, koma masamu okhaokha. Anaseka, nandisiya.

Ndinasankha matimu asanu ndi atatu a zaka zosiyanasiyana. Ena ndinawasankha cifukwa ca kuchuka kwao: Yankees aja a 1927, amene anapambana masewera 110 nagonja 44 okha, Chicago Cubs a 1906 ndi Seattle Mariners a 2001, amene onse awiri anapambana 116, Cincinnati Reds a 1975, ndi Brooklyn Dodgers a 1955. New York Mets a 1962 ndinawalowetsa cifukwa ca cifundo, pakuti anagonja masewera 120 m'caka cimodzi. Koma matimu awiri otsala ndiwo anandicititsa nchito yonseyi.

Kwa zaka zambiri eni matimu akuluakulu a ku America anapangana kuti asalembe munthu wakuda. Silinali lamulo lolembedwa m'buku, komabe analisunga kolimba. Funsani agogo anu za masiku a Northern Rhodesia, pamene munthu wakuda anali kugula zinthu pa zenera m'masitolo ena osaloledwa kulowa pakhomo, mudzamva mtundu wace wa tsankholo. Anthu akuda a ku America sanakhale manja lende. M'caka ca 1920 Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda ku Kansas City, nayambitsa mpikisano wao wao. M'matimu amenewa munali akatswiri oopsa. Kansas City Monarchs a 1942 anali ndi woponya Satchel Paige. Homestead Grays a 1943 anali ndi Cool Papa Bell waliwiro, Buck Leonard, ndi womenya wamkulu Josh Gibson.

Gibson anayamba kusewera mu 1930, Ruth analeka mu 1935. Akadakhoza kukomana mu mpikisano waukulu, koma khomo linali lotseka. Linatsegulidwa pa 15 April 1947, tsiku limene Jackie Robinson anasewerera Brooklyn Dodgers koyamba. Paige analowa caka cotsatira, ali ndi zaka 42. Koma Gibson sanalione tsikulo. Anamwalira mu January 1947, ali ndi zaka 35, patatsala miyezi itatu yokha. Patapita zaka zambiri, anthu ofufuza anasonkhanitsa mbiri ya masewera ace m'manyuzipepala akale, ndipo mu 2024 akuluakulu a baseball anailowetsa m'mabuku ao. Pamenepo kunaoneka kuti mu 1943 Gibson anamenya bwino pafupifupi nthawi 47 mwa 100 ziri zonse. Pa khadi lace ndinalemba kumenya kwabwino pa manambala 17, kuposa Ruth ndi anai. Ndinafuna kuti pa tebulo langa, ngakhale ndi laling'ono, anthu awa aime pa bwalo limodzi.

Sindibisa, mtima wanga unali kwa Grays. Ndipo munthu wosewera yekha ali pa ngozi, pakuti iye yemwe ndiye timu iyi, ndiye timu iyo, ndiyenso woweruza. Cifukwa cace ndisanaponye daisi ndi kamodzi komwe, ndinalemba malamulo ndi inki pa tsamba loyamba la buku la mpikisano. Loyamba linati cimene madaisi anena pa tebulo cilembedwe. Laciwiri linati daisi likagwa pansi, onse awiri aponyedwenso, ngakhale litaonetsa nambala yotani.

Timu iri yonse inayenera kukomana ndi zinzace zisanu ndi ziwiri kamodzi kamodzi, ndiwo masewera 28. Ndinasewera amodzi madzulo ali onse m'nyengo ya cisanu, ndipo amodzi anali kutha mphindi ngati 40. Zambiri zinayenda monga ndinayembekezera. Koma tsiku lina Mets, osauka aja, anagonjetsa Yankees ndi zigoli 5 kwa 3. Ndinayang'ananso makhadi, onse anali bwino. Nditaganiza ndinaona kuti panalibe codabwitsa. Mets enieni, ngakhale anagonja 120, anapambana 40, ndiko kuti kamodzi mwa kanai. Tsiku lao linangogwa pa Yankees. Ndiponso Cubs enieni a 1906, atapambana 116, anagonja m'masewera otsiriza a caka kwa White Sox, anansi ao a mumzinda womwewo. Madaisi sanacite cacilendo cimene bwalo lenileni silinacitepo.

Masewera 28 atatha, pamwamba panali Yankees, ndipo aciwiri anali Grays. Awa anayenera kulimbana monga acitira ku America m'masewera ochedwa World Series: timu yoyamba kupambana kanai ndiyo itenga ulemu. Masiku amenewo mdzukulu wanga wamkazi, wa Giredi 6, anali nafe pa chuti. Anali atayamba kale kundithandiza kulemba zigoli, ndipo anapempha kuti aziponyera Yankees. Ndinamfunsa cifukwa cace. Anati, "Agogo, ine ndifuna timu yopambana." Ndinabvomera mokondwa, pakuti tsopano sindinalinso ndekha.

Yankees anapambana masewera oyamba ndi aciwiri. Grays anatenga acitatu. Yankees anatenga acinai, Grays acisanu, pamene Leonard anamenya home run kawiri. Motero tinafika pa masewera acisanu ndi cimodzi Yankees ali ndi atatu, Grays awiri. Grays akagonja, mpikisano watha.

Pa cigawo cotsiriza Yankees anali ndi zigoli 4, Grays 3. Awiri a Grays anali atafa kale. Bell anali pa besi yaciwiri, woponya anali Waite Hoyt, ndipo khadi lotsatira linali la Gibson. Akamenya home run, zigoli zikhala 5 kwa 4, ndipo tidzaseweranso mawa. Ndinapukusa madaisi m'kapu nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndi kuwakhuthula. Lofiira linaima pakati pa tebulo, likuonetsa 6. Loyera linakunkhunika, linafika m'mphepete, ndipo linagwa pansi ndi kulowa kunsi kwa mpando.

Mdzukulu wanga anakwawa kukaliona. Anapfuula ali komweko, "Agogo, ndi 6!"

Pa khadi la Gibson, 66 inali home run.

Mwanayo anatuluka, nandiyang'ana kumaso. Ndiyesa anaona cimene cinali mumtima mwanga, pakuti ananena motsitsa mau, "Tingolemba, agogo. Ine sindidandaula. Mwagwira nchito miyezi iwiri."

Ndinakhala cete kanthawi. Panalibe wina m'cipindamo, ndipo mwini timu inayo anali atalola. Ndinaganiza za Gibson, kuti cimene anammana ali moyo cinali mpata wa kupikisana ndi anzace pa malamulo amodzimodzi. Mpata umenewo ndiwo ndinamkonzera pa tebulo langa. Ndikampatsa cigoli ca pansi pa mpando, ndiye kuti ndamlandanso. Ndiponso masiku apitawo daisi la Lou Gehrig wa Yankees linagwa pansi likuonetsa nambala yabwino, ndipo tinaponyanso osakambirana.

Ndinati, "Mwanawe, tsegula tsamba loyamba, uwerenge lamulo laciwiri."

Anawerenga mokweza monga acitira m'kalasi. Atatha anatola daisi loyera, nalipukuta pfumbi ndi diresi lace, naliika m'kapu. Ndinapukusa kamodzi kokha ndi kukhuthula. Lofiira 2, loyera 4. Tinayang'ana pa khadi tonse awiri, cala ca mwana ciri kutsika pa mzere. Pa 24 panalembedwa ndi dzanja langa lomwe kuti mpira wawakhidwa m'mwamba. Gibson anafa, ndipo Yankees anatenga mpikisano ndi masewera anai kwa awiri.

Mdzukulu wanga sanabvine monga analonjezera. Anatenga pensulo, nalemba zigoli bwino lomwe, nalemba mzere kunsi kwace. Pambuyo pace tinawerenga zonse za m'buku kuyambira tsiku loyamba. Ruth ndi Gibson anasewera masewera 13 ali yense. Ruth anamenya home run kasanu ndi kamodzi, Gibson kasanu. Koma pa kumenya kwabwino konse pamodzi, Gibson anaposa Ruth ndi zinai, ndipo panalibe wina mu mpikisano wonse amene anafika pa iye. Mwanayo analemba dzina lace ndi zilembo zazikulu pa tsamba lotsiriza.

M'mawa mwace ndinampeza pakhonde ali kudula makatoni. Anati pa chuti cikudzaco afuna mpikisano wina, ndipo iye adzatenga Monarchs, cifukwa waona kuti khadi la Paige lilanda manambala atatu. Anatinso tiziponyera madaisi m'licero kuti asagwenso pansi. Agogo ace akazi anakana ndi licero lao, koma anatibwereka mbale yaikulu yakale ya m'mphepete motalika, ndipo iri pamwamba pa kabati pamodzi ndi makhadi.