Mfuti Yokana Kulira Sinafe

Ku Mualadzi kuli mnyamata wina wa golosale amene amagulanso chimanga kwa alimi ndi kukagulitsa ku Tete. Poona kuti amayenda ndi ndalama zambiri pa msewu wochokera ku Cassacatiza, iye adapempha chilolezo kwa apolisi monga likunenera lamulo la mfuti la mu 2007. Patapita miyezi yambiri adabwerako ndi pisitolo yatsopano ya .22.

Loweruka lina adapita nayo kumunda kwa malume ake kuti akaiyese pa chulu, kamwana kake ka zaka 6 kali pambuyo. Malumewo adali msilikali pa nkhondo ija idatha mu 1992, ndipo adatula mfuti yawo mu 1994, nthawi ya ONUMOZ. Pambuyo pake adagwirapo ntchito yotsuka mfuti pa msasa wa alenje ku Magoe.

Zipolopolo zitatu zidalira bwino. Pa chachinayi chigoba chidakanirira m'kati, ndipo mnyamatayo adachitokosa ndi msomali mpaka chidatuluka. Chotsatira chidaima chopendama pakamwa pa magazini, kaja ena amati carregador. Adachiwongola ndi chala, nkulozanso pa chulu, koma mfuti idangoti kete, osalira. Apo mtima udamupsa. Adatembenuza pisitoloyo kuti asuzumire kumpope, mwana ataimirira pafupi ndi bondo lake.

Malume adalumpha nkumugwira dzanja mwamphamvu, nkulozetsa mfutiyo pa chulu.

"Iwe mphwanga, usatero! Werenga mpaka 30, ndipo chala chichoke apo."

"Koma malume, mfutiyi yafa. Andigulitsa chinthu chabodza."

"Werenga kaye. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Atatha kuwerenga, nkhalambayo idachotsa magazini poyamba, kenaka idakoka chitsulo chapamwamba. Chipolopolo chidagwa pansi chili chathunthu, chili ndi kachipsera m'mphepete pamene kamsomali ka mfuti kadamenya. Mwana adamuuza kuti akakhale patsinde pa mango, ndipo awiriwo adakhala pansi.

Malume adafotokoza kuti chipolopolo cha .22, chimene chidayambira ku America, sichili ngati cha AK. Cha AK chimamenyedwa pakati, pamene ichi mankhwala oyatsa onga ali mu mkombero wa kumbuyo kwake. Nthawi zina mankhwalawo safika mkombero wonse, choncho kamsomali kamamenya popanda kanthu. Nthawi zinanso moto umachedwa kugwira, makamaka zipolopolo zikalowa chinyezi cha dzinja, ndipo mfuti imalira mwini wake atayesa kuti yakana. Ndi chifukwa chake munthu amadikira, mpope uli kumalo kopanda anthu.

Za chigoba chokanirira adati vuto kawirikawiri ndi litsiro. Mtovu wa chipolopolochi amaupaka phula, ndipo phulalo likasakanikirana ndi mwaye komanso girisi amene mfuti yatsopano imabwera naye, kachipinda kolowa chipolopolo kamachepa. Kambedza kamene kamakoka chigoba kamangoterereka pa mkombero. Mankhwala ake ndi kutsuka ndi kabulashi ndi kansalu, mfuti ilibe kanthu m'kati. Msomali umakanda kachipindako, ndipo zigoba zimakanirira koposa kale.

Kenaka adamuyang'ana m'maso. "Kodi wakhala ukuiliza yopanda zipolopolo?"

Mnyamatayo adawerama. Adavomera kuti usiku akatseka golosale ankachita zimenezo kuti azolowere. Malume adapukusa mutu, nati pa mfuti zambiri za .22 kamsomali kakasowa chigoba kamamenya m'mphepete mwa kachipinda nkupindapo chitsulo, ndipo chopindikacho chimagwira chigoba chilichonse.

Magazini nayo idali ndi mlandu wake. Adaigwedeza pa chikhatho, ndipo mudatuluka fumbi ndi gaga wa m'thumba la jekete. Adamuonetsa kuika zipolopolo chimodzichimodzi mosafulumira, mkombero wa chapamwamba ukhale kutsogolo kwa mkombero wa chapansi kuti zisakolane. Adamuletsa kuthira mafuta m'kati mwake chifukwa mafuta amaitana fumbi. Adatinso ngati vuto lipitirira ataitsuka, aibwezere kumene adaigula ku Tete, osati kwa wokonza njinga kapena wosula makasu.

"Malume, kachipolopolo kofanana ndi nsawa aka kangaphe munthu?"

"Kamapitirira kilomita imodzi ndi theka. Kuseri kwa chulu ichi kuli anthu akupalira. Ndaika anzanga m'manda amene sadaphedwe ndi mdani, koma ndi mfuti imene mwini wake ankati yafa."

Adakhala chete kanthawi. Nkhalambayo idakumbuka chaka cha 1995, pamene bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kulandira mfuti nkumapereka makasu, njinga ndi makina osokera. Sidamuuze mphwake kuti ataye pisitolo, popeza chilolezo ali nacho ndipo mantha a pa msewu ndi enieni. Idangomufunsa kumene amaisunga. Atamva kuti imagona pansi pa pilo, idalamula kuti pasanathe sabata pakhale bokosi la loko, zipolopolo pena, mfuti pena, kiyi m'thumba la mwini wake.

Madzulo adatsuka pisitolo ija ndi kansalu ka chitenje chakale, mwana atamutumiza kwa agogo ake aakazi. Atabwerera pa chulu, zipolopolo zisanu ndi zinayi zidalira ndipo zigoba zidatuluka zokha. Chakhumi chidakananso. Malume sadanene kanthu. Mnyamatayo adasiya mpope utaloza pa chulu, adachotsa chala, nkuyamba kuwerenga mokweza.