Za pampu yanga ija, kuti nonse mumve zoona zake

Lero sindikamba za mvula kapena za feteleza ayi. Ndikufuna ndifotokoze za pampu yothirira ija, chifukwa nkhani yake yayenda mokhotakhota. Achimwene a ku Ndirande anamva kuti injini yapsa. Alamu anga a ku Area 25 anamva kuti ndagulitsa. Zonsezo sizoona. Pampu ilipo ndipo ikuthirira, kungoti inatisowetsa tulo masiku anayi.

Kwa amene simunaionepo, ndi pampu ya petulo ya mainchesi awiri. Injini yake ndi ya ku China, ija anatengera Honda GX160, ya pulagi imodzi, yolizira pokoka chingwe. Ndinaigula kwa munthu itagwirapo kale ntchito, ndipo achimwene munandiwonjezera ndalama, sindiiwala. Ndi imeneyi imasamala dimba lonse: tomato, anyezi ndi mizere ya chimanga chachiwisi. Tomato ameneyu ndi amene ndimakagulitsa pa Lizulu kuti chitsirizira wathu apeze fizi ya Januwale. Ndiye mukamva kuti pampu yadwala mu Okutobala, dziwani kuti sukulu ya mwana yadwalanso. Tomato wa maluwa akakhala ndi ludzu padzuwa ili maluwa amayoyoka, ndipo wobereka kale amada kunsi. Mukadzamupatsa madzi ambiri mwadzidzidzi amang'ambika.

Chiyambi chake n'chakuti injini inayamba kuvuta kulira m'mawa. Ndinamasula kabuleta kuti nditsuke, ndipo magasiketi akale anatuluka zidutswazidutswa, atauma ngati chikopa. Anali opakidwa guluu wina wofiira, ntchito ya mwini wake woyamba uja. Ndinapala bwinobwino, ndinagula magasiketi atsopano, n'kubwezera chilichonse m'malo mwake. Ine ndikamamasula chinthu ndimayala thumba pansi n'kundandalika zitsulo momwe zatulukira, ndipo mdzukulu wanga amajambula ndi foni.

Nditakoka chingwe, kamodzi kokha yalira. Koma kulira kwake abale! Wuu, n'kutsika, wuu, n'kutsika, ngati munthu wa mphumu akukwera phiri. Madzi ku paipi nawonso amatuluka modukizadukiza. Ndikaichepetsa moto imazima.

Mukudziwa kudimba sikusowa alangizi. Wina akuti petulo ndi wosakaniza ndi parafini. Wina akuti pulagi yatha. Wina akuti potokolani kasikuluwu ka pa kabuleta. Amalume anangogwedeza mutu n'kunena kuti dimba likamakongola chonchi anthu sagona, mwamva kale kumene amalowera. Ndinawayankha kuti amalume, tiyeni tiyambe tafufuza pomwe panagwira manja anga, za anthu osagonazo tiziona pambuyo. Injini imene dzana imalira mosadukiza, lero yasintha mawu nditangosintha magasiketi, nkhani ili pomwepo basi. Ndipo ndinakana kupotokola zinthu zambiri nthawi imodzi, chifukwa ukagwira zisanu n'kuchira sudziwa chachiritsa, ikaipiraipira sudziwanso chaipitsa.

Choyamba ndinafunsa injini yomweyo. Ili mkati molira ndinakankha tchoki kufika pakati. Pompo mawu anawongoka, madzi n'kuyamba kutuluka bwino. Nditatsegula tchoki yonse, wuu-wuu uja anabwerera. Apa mvetsetsani. Injini imadya mpweya wosakaniza ndi petulo pamuyeso wake. Tchoki imachepetsa mpweya kuti petulo achuluke. Ndiye ngati injini ikusangalala tchoki ili pakati, ikukuuzani kuti chakudya chake chachepa petulo, chili ngati phala lamadzimadzi. Kukwera ndi kutsika kuja amachititsa ndi gavana. Injini ikafooka iye amatsegula kukhosi kwa kabuleta, ikathamanga amatseka, ikafookanso amatsegulanso, osapeza pokhazikika.

Mnzanga wina anati ndiye bwanji osangoisiya tchoki pakati n'kumathirira? Tsiku loyamba ndinathiriradi choncho mabedi a maluwa okhaokha, kanthawi kochepa, kuti tomato asafe. Koma si mankhwala amenewo. Injini yochepa petulo imatentha kwambiri ndipo mapeto ake imaotcha mavavu. Komanso ngati pali pena pamene mpweya ukulowera osadzera ku sefa, fumbi la mu Okutobala likulowera pomwepo kukapala mkati. Mabedi enawo tinathirira ndi makheni, ine, mayi a kunyumba ndi ana, kuyambira mbandakucha. Msana unatikumbutsa chifukwa chimene tinagulira pampu.

Tsiku lachiwiri ndinayamba kuchotsa zokayikitsa chimodzichimodzi. Ndinakhuthula petulo yense n'kuthira wina wogula pa filing'i siteshoni, osati wa m'zigubu. Palibe chinasintha. Ndinamasula pulagi, kunsonga kwake kunali kotuwa mbuu. Pulagi ya injini yadya bwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka, yotuwa ndiye kuti wachepa. Pulagi inagwirizana ndi tchoki. Ndinayang'ana kawaya ka gavana ndi kasipuling'i kake kopyapyala, zonse zinali zokola m'mabowo ake. Ndinatulutsanso majeti onse awiri, yaikulu ya pansi ndi yaing'ono ya pamwamba ija imagwira ntchito injini ikamalira pang'onopang'ono. Ndinapisamo kawaya kamodzi ka kopa kochokera mu nthambo ya magetsi, ndinauzira, kuwala kumaoneka mbali ina. Osapisamo singano kapena msomali, mumakulitsa bowo. Nditabwezera, matenda anali omwewo.

Kunatsala mpweya wakuba. Pa injini zimenezi magasiketi amakhala atatu. Ina imakhala pakati pa sefa ya mpweya ndi kabuleta. Ina pakati pa kabuleta ndi kachipulasitiki kakuda kolimba kamene amakanika amati insuleta. Yachitatu pakati pa insuletayo ndi mutu wa injini. Ntchito ya kachipulasitikiko ndi kutchinga kutentha kwa injini kuti kusafike ku kabuleta. Zonsezi zimalowa pa mabawuti awiri aatali, n'kumangidwa ndi manati awiri a sipanala ya 10. Magasiketiwa safanana, ndipo ali ndi timabowo ting'onoting'ono toyenera kuyang'anizana ndi timabowo ta pa kabuleta. Ikalowa chozondoka imatseka njira. Ndinafananiza ndi zithunzi za mdzukulu zija, yanga iliyonse inali pamalo pake.

Tsiku lachitatu ndinatenga sirinji ija timamwetsera mbuzi mankhwala, n'kuthiramo madzi oyera. Injini ikulira, ndinadonthezera pa mlumikizano uliwonse, kutali ndi pulagi ndi ekizozi. Ena amayesa ndi petulo, koma ine ayi, moto wake suchenjeza. Pa gasiketi yoyamba, zii. Pa yachiwiri, zii. Nditadonthezera pamwamba pa insuleta, cha kufupi ndi bawuti, injini inatsamwa ngati izima, ndipo dontho lija ndinaliona likumwedwa. Ndinabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi.

Ndinamasulanso, n'kutsuka kachipulasitiki kaja ndi sopo, n'kukayang'anitsa padzuwa. Poyamba sindinaone kanthu. Nditakapinda pang'ono ndi zala, mng'alu wopyapyala ngati tsitsi unatseguka kuchokera pa bowo la bawuti kufika kukhosi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kati mwa mng'aluwo munali motsalira guluu wofiira uja. Apa m'pamene ndinamvetsa. Insuleta inasweka kalekale, mwina pomanga manati mopitirira, ndipo mwini wake woyamba anangomata guluu n'kukhala chete. Magasiketi akale ndi guluu wawo ndi amene amabisa bala. Atsopano aja analibe mlandu, anangoulula.

Mpweya wolowera pamenepo umakhala utailambalala kabuleta, ndiye sunyamula petulo ngakhale dontho. N'chifukwa chake kutsuka majeti sikunathandize, ndipo kupotokola kasikuluwu kuja kukanangosokoneza muyeso umene unali bwinobwino.

Amalume anati timatenso guluu. Ndinakana mwaulemu. Pamalo pamenepo pamatentha n'kuzizira tsiku lililonse, pamanjenjemera, komanso petulo amafewetsa guluu wambiri. Kachidutswa kakamatuka kamapita mkati mwa injini. Tsiku lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku boma nditatenga kakale kaja m'thumba kuti ndikafananize pamaso, chifukwa injini zimenezi zimafanana nkhope koma makosi ake ena amasiyana kukula. Mtengo wake sunafike ngakhale pa beseni limodzi la tomato. Thiransipoti ndi imene inadya zambiri. Ndinagulanso magasiketi ena, poti gasiketi ikapanikizidwa n'kumasulidwa kangapo siigwiranso bwino.

Pomanga ndinasinthanitsa manati, uyu pang'ono, uyo pang'ono, mpaka onse atagwira mofanana, osachita kukanikiza ndi thupi lonse. Kukoka chingwe, yalira. Kutsegula tchoki yonse, mawu amodzi osadukiza. Ndinadonthezeranso madzi malo onse atatu, injini osasintha. Patatha masiku awiri ikugwira ntchito ndinamasula pulagi, inali itayamba kufiirira.

Maluwa ena anayoyoka ndithu, makamaka mabedi a kumtunda kumene makheni amafika mochedwa. Koma ambiri agwira, ndipo anyezi sanamve n'komwe. Fizi ya Januwale tikuiona.

Inu a kuno amene muli ndi mapampu ngati yanga, kapena njinga zamoto za kabaza, poti nazonso zili ndi kolumikizira pakati pa kabuleta ndi injini, yanu ikadzayamba wuu-wuu mutangoimasula, yambani mwayesa tchoki musanagule chilichonse. Sirinji ndili nayo, sipanala ya 10 ndili nayo, mundipeza kudimba m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Achimwene, ndalama yanu sinapse ayi. Alamu, mukamabwera pa Khirisimasi mubwere ndi thumba lalikulu, chimanga chachiwisi chidzakhala chitakhwima.