Amene Anawoloka Chilwa

Kwathu ku Mecanhelas kulibe banja lopanda m'bale kutsidya. Ukafunsa bwino, aliyense ali ndi amalume ku Phalombe, azakhali ku Machinga, kapena manda a agogo ake ku Mulanje. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, chakum'mawa, koma anthu anapitiriza kupalasa mabwato awo ndi kukwatirana monga kale.

Ndili kumudzi zimenezi sindinkaziganizira. Zadzandisowetsa tulo kuno ku Johannesburg. Amalawi kuno amanditenga ngati mnzawo chifukwa cha chilankhulo, pomwe anzanga a ku Maputo ndi ku Gaza, amene pasipoti yathu ndi imodzi, timangomvana pa Chipwitikizi. Madzulo a mwezi wa June, chisanu chikamalowera pansi pa chitseko, mtima umathawira kwathu: matemba ali padzuwa, utsi wa mlamba wowamba, zimbowera za asodzi m'kati mwa mabango, phiri la Zomba likuonekera kutali kutsidya kwa madzi, mphika wa kalongonda umene mayi ankautereka m'mamawa n'kudzauphula dzuwa litapendeka. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi anthu, ndipo ambiri mwa iwo sindinkawadziwa ngakhale mayina. Anabereka agogo anga ndani? Anafika bwanji m'dambo limene lija?

Ndinayambira kwa amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, amene atsala okha pa obadwa nawo. Kwathu mtundu umayenda ndi akazi. Wofuna mbiri akayambira kuchimuna amasochera msanga, chifukwa amuna ambiri anali akamwini, obwera ndi kupita. Amayi aakulu alibe foni. Mdzukulu wawo amawaperekeza pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kuwajambula mawu pa WhatsApp. Kumbuyo kwa mawu awo ndimamva nkhuku, mtondo, ndi belu la njinga ikudutsa, ndipo nthawi zina ndimabwereza uthengawo chifukwa cha zimenezo zokha.

Munthu wamkulu sumufunsa chaka. Umamufunsa chimene chinkachitika.

"Amayi, pamene agogo aamuna ankapita kumigodi, inu munali msinkhu wanji?"

"Ndinali kamwana, mwanangu, ndikungoyamba kutunga madzi ndi kamtsuko. Nyanja inali isanaphwe, njanji isanabwere."

Yankho limenelo ndi lokwanira. Kwa anthu a msinkhu wawo, kuphwa kwa Chilwa ndi 1968. Ife timakumbukira kwa mu 1995. Njanji yochokera ku Cuamba, kumene nthawiyo kunkatchedwa Nova Freixo, inakumana ndi ya ku Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi mu 1970. Akati "njala yaikulu ya kwa Angerezi" ndiye kuti 1949. Akatchula thonje lokakamiza ndiye kuti pakati pa 1938 ndi 1961. Ndinalemba zaka zimenezi kumapeto kwa kope langa, ndipo nkhani iliyonse ndimaiyeza pamenepo.

Nkhani yaikulu inatuluka pang'onopang'ono. Agogo awo a amayi aakulu sanabadwire ku Mecanhelas. Anachokera kumapiri a cha ku Gurué, kufupi ndi Namuli, akuthawa asipayi, msonkho ndi mbalamatodya. Anayenda ndi mlongo wawo. Atafika m'dambo la Chilwa anali ndi pakati potopa, choncho mfumu ina inawapatsa malo. Mtendere sanaupeze wonse, pakuti dziko la Niassa linali m'manja mwa Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo kampaniyo inkadalira msonkho wa nyumba. Mlongo wawo uja sanaime. Anawoloka, kukalowa thangata m'minda ya azungu ku Nyasaland.

Sanali yekha. Kalembera wa ku Nyasaland wa mu 1921 anapeza Alomwe oposa 120,000. Pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Mapepala a boma a nthawi imeneyo, amene amasungidwa ku National Archives ku Zomba, amawatcha Anguru, dzina lonyoza limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo mpaka boma linaleka kuligwiritsa ntchito mu 1943. Apa mpamene mapepala amandipweteka mtima. Atsamunda ankawerenga makolo athu ngati manja othyola tiyi ndi mitu yokhoma msonkho. Chiwerengero chilipo, koma amene anasiya mlongo wake woyembekezera m'mphepete mwa nyanja sanamulembe.

Mapepala athuathu ali m'chitini chakale cha mabisiketi chimene amayi aakulu amasunga pansi pa bedi. Mdzukulu uja anawajambula limodzilimodzi n'kunditumizira. Muli kakhadi ka ubatizo ka ku mishoni ya Mepanhira, ya ansembe a Consolata, kamene chiswe chinadya ngodya yake. Muli kabuku ka msonkho kachipwitikizi, kodetsedwa ndi thukuta. Muli pepala la kumigodi lopindidwa kanayi, lokhala ndi nambala ndi chidindo cha chala. Onsewo ndi a munthu mmodzi, agogo anga aamuna, koma mayina ndi osiyana. Pa ubatizo ali ndi dzina lachipwitikizi. M'kabuku ka msonkho kalaliki analemba dzina lawo lakumudzi m'mene analimvera iyeyo. Pa pepala la kumigodi ndi munthu wa ku Nyasaland, ndipo mudzi ndi mfumu zolembedwapo si zathu.

Sanali achinyengo. Ku Mozambique, Wenela, kampani yolemba anthu opita kumigodi, inkalemba anthu a kummwera okha, kutsidya la mtsinje wa Save. Mnyamata wa ku Niassa wofuna ndalama za kumigodi ankawoloka, n'kukabwereka dzina la mudzi wa m'bale wake, n'kulembedwa ngati mwana wa kumeneko. Njira imeneyi inadzatsekeka mu 1974, Kamuzu Banda ataletsa Wenela chifukwa cha ndege imene inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 obwerera kwawo. Bungwe la TEBA, limene linalowa m'malo mwa Wenela mu 1977, limasunga kaundula wa ogwira ntchito m'migodi, ndipo pofufuza pamafunika dzina lenileni lolembedwa ndi nambala. Ndikamadutsa pa milu yachikasu ya dothi la m'migodi m'tauni muno, ndimakumbukira kuti agogo anapuma fumbi lomweli, akulakalaka nyanja yomweyo.

Chimene sichinasinthe pa maulendo onsewa ndi mfunda, umene Amakuwa amati nihimo. Ofesi iliyonse inasintha dzina la munthu, koma mfunda sinaufunse, ndiye unapulumuka. Aliyense woyamba ntchito imeneyi ndimamuuza kuti afunse mfunda wa mayi ake choyamba, kenako dzina la mfumu, mtsinje umene ankatungako madzi, ndi kumene kuli manda. M'kope langa mkazi aliyense ali ndi tsamba lake, ana ake pansi, amuna m'mbali. Mayina onse a munthu ndimawalemba, ngakhale lamasewera, pakuti kumudzi ndi limene amamudziwa nalo.

Pansi pa chitini chija panali khadi lina limene ndinalizindikira ndisanawerenge: lolandirira ufa ndi nyemba pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya kwathu. Pali dzina la mayi anga ndi chiwerengero cha ana, ine m'gulu. Ifenso tinawoloka pa Nayuchi usiku, mitolo pamutu, pamodzi ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni amene Malawi inawasunga. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ambiri tinabwerera, koma achemwali ena anali atakwatiwa ku Machinga, ndipo ana awo lero ndi Amalawi a ziphaso zawo. Anga anabadwira kuno, amalankhula Chizulu, ndipo Chilwa amangoiona pa foni. Kwa adzukulu awo, agogo wobwera amene adzamufunefune ndine.

Sabata yatha amayi aakulu anakumbukira chinthu china. Mayi awo ankanena kuti abale a munthu wa thangata uja anakhazikika kunsi kwa phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo chaka cha njala ena a iwo anabwera ku Mecanhelas kudzasuma chinangwa. Msuweni wanga amene amagulitsa nsomba ku Phalombe wavomera kukafunsa kwa mafumu a kumeneko. Ndamutumizira ya mayendedwe ndi ya nkhuku yokaperekera ulemu, ndamulembera mfunda wathu ndi dzina la mudzi umene uli pa pepala la kumigodi. Anyamuka akatha kukolola mpunga.